Pulinta ya Bana Chipo

Norah anadina batani la kompyuta n'kutembenuka kukapachika chikwama chake pamsomali. Atacheuka anapeza sikirini ikuonetsa zinthu zimene sanazionepo. Chithunzi cha mwana wake Chipo atavala yunifomu ya kusukulu ya unamwino chinali chitachoka. Tizizindikiro tonse timene ankadina tsiku ndi tsiku tinali titasowa, ndipo pakona panali kambalame kakuda kamimba yoyera, katangokhala ngati kakudikira chakudya.

"Bashi Chipo!" anaitana. "Tabwerani mudzaone. Makina afa."

Mwamuna wake, Ackson Miti, anatulukira pakhomo lochokera m'nyumba kapu ya tiyi ili m'manja, akumwetulira ngati munthu wobweretsa mphatso.

"Sanafe ayi. Dzulo masana, muli kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinachotsa Windows ija n'kuikamo Linux."

"Munaikamo chiyani?"

"Linux. Ntchito yake ndi imodzimodzi, kuyendetsa kompyuta yonse. Koma iyi ndi yaulere. Anaipanga ndi anthu ongodzipereka, ndipo palibe amene adzabwere kudzatifunsa laisensi."

Pabenchi la makasitomala panali Simeon Kapembwa, amene kale ankayendetsa kasitima ka pansi pa mgodi. Anali atalawirira kuti amulembere kalata yofunsira ntchito.

"Awe, ba Miti, ine zaulere ndimaziopa," anatero Simeon. "Kumgodi ankati magetsi aulere, madzi aulere, mabuti aulere. Manje taonani kuphazi kwanga, ndi patapata."

Ackson anaseka, Norah osaseka. Anakhala pampando wake n'kufunsa komwe kunali ntchito zake zonse. Ackson anamuonetsa kuti anali atazisunga pamadisiketi n'kuzibwezeramo. Zinalipodi, kungoti mizere ina inali itasuntha ndipo zilembo zinkaoneka zachilendo. Norah analemba kalata ya Simeon akufufuzafufuza pamene pali chilichonse, milomo ataimanga. Atamaliza anailamula kuti isindikizidwe.

Pulinta inangoti zii. Kagetsi kake kobiriwira kanaphethira, basi.

"Dinaninso," anatero Ackson.

Norah anadinanso. Ackson anaika kapu pansi, anazula chingwe n'kuchilowetsanso, anazimitsa n'kuyatsa, anatsegula chivundikiro n'kuuziramo. Palibe chinasintha. Patapita nthawi Norah analowa m'nyumba. Anatuluka atanyamula taipilaita yake yakale imene inkakhala pansi pa bedi, n'kuipukuta fumbi ndi m'mphepete mwa chitenje.

"Sunthirani kuno, ba Simeon," anatero. "Iyi sifuna munthu wophunzira."

Ackson anali atagwira ntchito kuchipinda cha makompyuta cha pamgodi ku Kitwe kuyambira nthawi imene makina anali aakulu ngati makabati a zovala. Makalaliki ankaima pakhomo pake kudikira kuti awathandize, ndipo ngakhale mabwana ankagogoda asanalowe. Mgodi utagulitsidwa, eni atsopano anabwera ndi makina awo ndi anthu awo. Kuchotsa anthu ntchito ankakutcha kupuluna, ngati anthuwo ndi nthambi za mtengo, ndipo Ackson anali m'gulu la oyamba kupulunidwa. Nyumba yake ya kumgodi Ackson anaikamo anthu a lendi, banja lonse n'kusamukira ku Luangwa, komboni ya kumalire a Kitwe.

Chimene chinkawadyetsa tsopano chinali kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba, komwe Norah ankatayipa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro ndi makhadi a ukwati. Kompyuta ndi pulinta anazigula pamene kampani ina yotsekedwa inkagulitsa katundu wake. Ntchito yake yaikulu inali mapepala a mayeso a sukulu ina ya pulaiveti ya pafupi ndi msika, imene mwini wake anali Mayi Nelia Sichone. Mapepala a teremu imeneyo ankafunika Lachisanu la sabata yomweyo.

Ackson sanachite zimenezi mwamasewera. Masiku apitawo apolisi ndi anthu ena ochokera ku Lusaka anali atayendera mashopu a m'tauni kufunsa malaisensi a mapulogalamu. Kwa Obadiah, amene anali ndi shopu pafupi ndi siteshoni ya mabasi, ananyamula makompyuta onse. Windows ya Norah inali yokopera pa sidi ya Obadiah yemweyo, ndipo sidiyo inapita limodzi ndi katunduyo. Ackson atamva, tulo tinamuvuta. Anapeza masidi a Linux m'magazini yakale imene anagula pamsewu, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere kumgodi anamva kuti pali chinthu chimene iye yekha angachichite m'nyumbamo.

Lolemba lonse analimbana ndi pulintayo. Lachiwiri m'mawa anakwera minibasi kupita kutauni, kukafe ya intaneti. M'magazini muja munali adiresi ya gulu la anthu ogwiritsa ntchito Linux. Munthu ankalemba funso lake pa imelo, onse a m'gululo n'kulilandira, ndipo wofuna kuyankha ankayankha.

Anakhala nthawi yaitali manja ali pamwamba pa mabatani. Kupempha thandizo sanakuzolowere. Pomaliza analemba m'Chingerezi chake cha muofesi kuti iye ndi katswiri amene wagwira ntchito ya makompyuta pamgodi waukulu kwa zaka zambiri, kuti pulinta yake sikugwira, ndipo amuuze chochita mwamsanga.

Yankho loyamba linafika asananyamuke. Wolembayo sanatchule dzina lake.

"Mbiri yanu sitikuifuna. Pulinta ya mtundu wanji? Makina akunena chiyani? Kawerengeni kaye buku musanatitayitse nthawi."

Ackson anayang'ana uku ndi uku ngati anthu a m'kafemo aona. Mawuwo sanali achilendo kwa iye, pakuti nayenso ankawalankhula kwa makalaliki amene ankaima pakhomo pake, koma anali asanawamvepo akubwera kwa iye. Anatsala pang'ono kutseka n'kumapita pamene yankho lachiwiri linalowa, lochokera kwa munthu wina wa ku Kampala, dzina lake Jonah.

"Takulandirani, bambo. Mnzathuyo musamutengere, amalankhula choncho ndi aliyense, koma mafunso ake ndi oyenera. Tiuzeni dzina la pulinta. Kenako mukalembe malamulo awa pakompyuta yanu, ndipo zimene ikayankhe mukatitumizire osasintha chilembo."

Kushopu kwa Norah kunalibe intaneti. Motero Ackson anakopera malamulowo papepala, anakwera minibasi kubwerera ku Luangwa, anawalemba, n'kukoperanso mayankho a makinawo chilembo ndi chilembo. M'mawa mwake anapitanso kutauni. Jonah anafunsa zina, ndipo mayi wina wa ku Brazil analowererapo ndi maganizo ake. Funso lililonse linali ulendo wa minibasi. Panjira Ackson ankadabwa kuti anthu amenewa, osamudziwa n'komwe, akuvutikiranji ndi pulinta ya ku Luangwa.

Lachitatu madzulo atafika kunyumba anapeza Mayi Sichone ataima pakhomo la shopu, maenivelopu ali kukhwapa.

"Bana Chipo, ine ndilibe nanu mlandu," ankatero mayiyo kwa Norah. "Koma mapepala a sayansi ndi jogalafe ali ndi zojambula. Taipilaita sijambula mapu. Ana akulemba Lolemba, ndipo ine ndiyenera kukachulukitsa mapepalawo Loweruka. Likadutsa Lachisanu mundikhululukira."

"Zikhala zitatheka," anatero Ackson. "Vuto ndi dalaiva chabe."

Simeon, amene tsopano ankabwera tsiku lililonse kudzaonerera, anadzuka pabenchi.

"Dalaiva? Nanga bwanji osanena kale? Ine pano ndine dalaiva wopanda ntchito."

"Si dalaiva wa choncho, mudala. Ndi kapulogalamu kamene kamachititsa kompyuta kumvana ndi pulinta."

"Kaili nayenso anamupuluna," anatero Simeon, n'kukhalanso pansi.

Mayi Sichone sanaseke. Anatsanzika n'kumapita.

Atatseka shopu, Norah anakhala pakhonde la kuseri akusankha nyemba m'lichero. Ackson anabwera kudzakhala pa sitepe, n'kuyamba kufotokoza zimene Jonah wanena.

"Bwezeranimo ya kale ija," anatero Norah.

"Sidi yake ili kupolisi. Ndiponso akanabwera kuno akanatenga makina onse. Ndinachita zimenezi pokutetezani."

"Ndikudziwa. Mwina munachita bwino. Kapulogalamu kolembera kaja ndayamba kukazolowera, sikoipa." Anataya kamwala kamene anapeza m'nyemba. "Koma simunandifunse."

"Mukanakana."

"Mwina ndikanakana. Mwina ndikanati dikirani mayeso adutse. Sabata imodzi yokha, bashi Chipo." Anaika lichero pansi n'kumuyang'ana. "Mukukumbukira zimene munkadandaula mutachoka kumgodi? Simunkalira malipiro. Munkati anthu anakhala m'chipinda ku Lusaka n'kugamula za moyo wanu osakufunsani, inu n'kungopeza m'mawa zonse zasintha. Ine Lolemba ndinapeza zomwezo. Kungoti amene anagamula ndimagona naye chipinda chimodzi."

Ackson anakhala pomwepo mpaka udzudzu unayamba kuluma.

Lachinayi m'mawa anapeza yankho la Jonah likumudikira.

"Tapeza vuto. Pulinta yanu ndi ya mtundu wotchipa umene unapangidwira Windows yokha. Pali munthu wina amene anailembera dalaiva mongodzipereka, koma kuiika n'kovuta, ndipo mmene mukuyendera inu mungathe mwezi. Ndatumiza nkhani yanu kugulu la anzathu a ku Zambia. Mwina pali wina pafupi nanu."

Pansi pake panali imelo ina yaifupi. Iyi sinali ya Chingerezi.

"Ba Ackson, dalaivayo ndili nayo, ndinaiikapo kale pa pulinta ngati yanuyo. Ndili ku Northrise, ku Ndola, kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga Jessica, mukudziwapo. Bweretsani kompyuta ndi pulinta yomwe. Ndimakhala ndilipo tsiku lonse. Derrick."

Ackson anawerenga dzinalo kawiri. Derrick Shawa anali mnzake kuyambira ali anyamata. Makolo awo onse anachokera ku Katete kudzagwira ntchito pamgodi, iwo n'kukulira mu komboni imodzi, kutumikira Misa limodzi, kenako kulowa ntchito ofesi imodzi. Ndi Derrick amene anaimira Chipo paubatizo. Eni atsopano a mgodi atafika anasunga Derrick, ndipo ndi iyeyo amene anamutuma kukatseka maakaunti a anthu opulunidwa. Tsikulo Ackson anabwera kuchokera ku tiyi, analemba pasiwedi yake, makina n'kuikana. Analembanso, anaikananso. Atakweza maso anaona Derrick patebulo la moyang'anana naye ataweramitsa mutu. Kalata ya abwana inafika pambuyo pake. Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulanenso, ndipo Ackson analetsa dzina la Derrick m'nyumba mwake.

Atafika kunyumba anauza Norah zonse monga zinalili.

"Ndiye mukudikira chiyani?" anafunsa Norah. "Dzuwa likadalipo. Ndola si kutali."

"Kwa munthu ameneyo sindipita."

"Mukudziwa kuti nayenso anamuchotsa chaka chatha? Amene anamusunga aja analongedza n'kubwerera kwawo. Nyumba anagulitsa, mkazi wake ba Christine anapita ndi ana kwa makolo awo ku Chipata. Ndinamva kwa amayi a ku dayosizi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munati dzina lake lisamveke muno."

Ackson anati, "Zilibe kanthu. Ndiyesanso ndekha."

Anayesadi masana onse, akutsatira zimene anakopera kwa Jonah, koma pulinta sinagwedezeke. Norah sanamulankhulenso. Anangopitiriza kutayipa mafunso a mayeso pakompyutapo nthawi iliyonse imene Ackson wadzuka pampando.

Lachisanu m'mawa Ackson anapeza kompyuta ndi pulinta zitamangidwa m'zitenje ziwiri pakhomo. Norah anali atavala nsapato zake za kutchalitchi, akumanga duku.

"Mukupita kuti?"

"Ku Ndola. Ine ba Derrick sindinayambane nawo. Makinawa ndi anga."

Ackson anayang'ana mitolo iwiriyo, kenako mkazi wake. Mtolo wa kompyuta unali wolemera, ndipo kuchokera pamene minibasi imatsitsa anthu kukafika kwa Jessica panali kamtunda.

"Tsalani pashopu," anatero. "Ndipita ndine."

Anakhala mpando wa kumbuyo, pulinta ili pamiyendo, kompyuta pakati pa mapazi. M'mphepete mwa msewu munali matumba a makala ndi mabotolo a uchi, ndipo ambiri mwa ogulitsawo anali amuna a msinkhu wake, ena atavala maovolosi akale a kumgodi. Polowa mu Ndola anadutsa mafakitale amene ankawadziwa akufuka utsi. Tsopano udzu unali utamera pazipata, ndipo ina anali ataisandutsa tchalitchi. Njira yonse ankakonza zimene akanene. Anaganiza zoti akangopereka moni, n'kutenga dalaiva, n'kumapita.

Derrick anali panja pa kanyumba ka kuseri, akupukuta fumbi m'kati mwa kompyuta ina ndi bulashi yotsukira mano. Anali atawonda, imvi zitadzaza mutu, ndipo magalasi ake anali omanga ndi waya mbali imodzi. Ataona Ackson anaimirira, n'kupukuta manja pathalauza, koma sanadziwe ngati apereke dzanja. Ackson manja onse anali ndi katundu.

"Mwabwera," anatero Derrick.

"Ndabwera ndi pulinta."

"Lowetsani."

M'kati munali bedi laling'ono pakona, kwina konse makompyuta akale ataunjikana mpaka pawindo. Derrick anati amawatola kumakampani otsekedwa, amawakonza n'kuikamo Linux, kenako anzake a m'gulu amakawapereka kumasukulu ndi kumaparishi. Anakankha zinthu patebulo kuti papezeke malo. Analumikiza zingwe.

Dalaiva inakana ulendo woyamba. Mizere ya mawu inathamanga pasikirini n'kuima pa uthenga wa vuto. Derrick anakanda mutu.

"Kwanga inalowa bwinobwino."

"Tabwerera m'mwamba," anatero Ackson, akuwerama. "Ima pamenepo. Ikufuna fayilo ina imene kuno kulibe."

"Ili pa sidi yachiwiri. Unabwera nayo?"

"Ili m'thumba."

Osazindikira, anali atasiya kutchulana kuti inu. Wina ankawerenga, wina akulemba, monga ankachitira kale makina a malipiro akaima kumapeto kwa mwezi anthu a mgodi wonse akudikira. Atayambitsanso ntchitoyo, Derrick anati itenga nthawi. Anawiritsa madzi pa kambaula n'kuthira tiyi m'makapu awiri osafanana. Shuga analibe.

"Chipo ali bwanji?" anafunsa.

"Ali pa Ndola pompano, kusukulu ya unamwino. Amaliza chaka cha mawa."

"Pompano?" Derrick anayang'ana m'kapu. "Ndikanakumana naye pamsewu sindikanamuzindikira."

Makina ankangong'ung'udza. Kenako Ackson anafunsa funso limene sanakonze zofunsa.

"Bwanji sunandiuze? Tinamwa tiyi limodzi m'mawa umenewo. Ukanangonditengera pambali."

"Mabwana anandiuza kuti ndikatsina khutu munthu aliyense, nanenso ndipita tsiku lomwelo."

"Ine sindinali munthu aliyense."

"Ndikudziwa. Ndinaopa, Ackson. Ndinali ndi ana kusukulu."

"Ine ndinalibe ana?"

Derrick anavula magalasi n'kuyamba kukonza kawaya kaja.

"Unali nawo," anatero. "Ndilibe chonena choti chikukwanire. Ndakhala ndikuchifunafuna zaka zonsezi, sindinachipeze. Tsiku langa litafika anatuma kamtsikana kamene ndinakaphunzitsa ntchito ndekha. Kanatseka akaunti yanga kakulira. Ine pa iwe sindinalire n'komwe. Ndinangowerama."

Ackson ankaganiza kuti tsiku limene adzamve mawu ngati amenewa mtima wake udzapepuka. Sunapepuke. Mkwiyo unalipobe, kungoti munthu amene ankamukwiyira zaka zonsezo anali wonenepa, wa tayi, wa galimoto ya kampani, ndipo munthu ameneyo m'chipindamo munalibe.

Mizere ija inaima. Derrick anavala magalasi, analemba lamulo lomaliza, n'kutsegula limodzi mwa mapepala a Norah, la mapu a mitsinje ya m'Zambia. Pulinta inakhosomola, inakoka pepala, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wochira kumene. Onse awiri anaimirira akuyang'ana mtsinje wa Kafue ukutuluka mzere ndi mzere.

"Izichedwa choncho nthawi zonse," anatero Derrick. "Ndipo mitundu siitulutsa, koma wakuda yekha. Amene analemba dalaivayo anafika pomwepa."

"Ndani ameneyo?"

"Sindimudziwa. Akuti mphunzitsi wina wa ku Poland. Mkazi wake anagula pulinta ngati iyi, ndiye anatopa nazo zodandaula." Anayamba kuzula zingwe. "Ukapeza mpata ukalembe kugulu zonse zimene tachita, ndi za fayilo ija waiona iwe. Ndi mmene timachitira. Wina akadzakumana nazo adzapeza polembedwa."

Derrick ananyamula mtolo wa kompyuta kumuperekeza kumsewu. Ali panjira ananena kuti anzake a m'gulu amakumana Loweruka lina lililonse kuthandiza anthu obwera ndi makina awo, koma ku Kitwe alibe malo, ndipo anthu a kumeneko amavutika kunyamula katundu mpaka ku Ndola.

"Shopu si yanga," anatero Ackson. "Ndikawauza eni ake."

Minibasi inachedwa kudzaza, ndipo anafika ku Luangwa dzuwa litapendeka. Norah sanafunse za ulendo. Analumikiza makina n'kuyamba kusindikiza, ataima pambali pa pulinta kulandira pepala lililonse. Inkayenda mwaulesi, ndipo pamene Mayi Sichone ankafika madzulo, mapepala a makalasi aang'ono okha ndi amene anali atatuluka. Mayiyo anawaona, anavomereza kuti ndi oyera bwino, kenako anapempha kuti otsalawo awaikire pa disiketi akasindikize kutauni m'mawa.

"Mukanayamba dzulo bwenzi mutamaliza," anatero potuluka.

Norah sanayang'ane mwamuna wake. Ackson ankadziwa kumene dzulo limenelo linapita.

Teremu yotsatira Mayi Sichone sanabweretsenso mayeso. Ankapereka moni bwinobwino akakumana kumsika, koma ntchito anaipereka kushopu ina. Norah anayamba kulandira makalata ambiri a ofunsira ntchito kuti atseke mpatawo, ndipo Chipo anauzidwa kuti asamabwere kunyumba mwezi uliwonse chifukwa ndalama yoyendera inachepa. Anthu a malaisensi aja ku Luangwa sanafike n'komwe. Ackson analemba kugulu zonse zimene anachita ndi Derrick, mwatsatanetsatane, osatchula za mgodi. Jonah anayankha ndi mawu amodzi othokoza. Wosatchula dzina uja anakonza chilembo chimodzi chimene Ackson analakwitsa, ndipo anali wolondola.

Nkhani ya malo a gulu la Derrick, Ackson anamuuza Norah patapita sabata zingapo, ali kutsuka mbale.

"Loweruka masana ndimakhala nditatseka," anatero Norah ataganiza. "Azikhala pakhonde, atenge magetsi pawindo. Makina anga asawakhudze munthu, ngakhale inu."

"Ndamva."

"Ndipo ba Derrick mukawauze abwere msanga adzadye. Munati awonda."

Loweruka loyamba kunabwera mphunzitsi wina wa ku Wusakile ndi kompyuta yake pa wilibala, ndi sisitere wa kuparishi atanyamula ya muofesi yawo. Simeon anabwera chimanjamanja, akuti kudzayang'anira. Derrick sanafike pa nthawi ya chakudya. Anatulukira mochedwa, thumba la masidi lili paphewa, n'kuima pageti ngati munthu amene sakudziwa ngati wafika nyumba yoyenera. Norah anatuluka kukamulandira, anagwira dzanja lake ndi manja awiri, n'kumufunsa za ba Christine ndi ana.

Ackson anali pabenchi, kompyuta ya sisitere ili yotsegula patsogolo pake. Anali asanamukhululukire Derrick, ndipo sankadziwa ngati adzatero. Anamuyang'ana akubwera pang'onopang'ono m'kanjira ka pakati pa mabedi a repu. Atafika pakhonde panalibe mpando wotsala.

Ackson anasunthira kumapeto kwa benchi.

"Khala apa," anatero. "Iyi ikukana kuwerenga sidi. Gwira tochi, ine ndione chingwe."